Kuphwanya mafuta olemera ndi plazima: pamene njirayi imagwira ndi pamene imagwa

Mafuta amene amakumbidwa ku Athabasca, m'chigawo cha Alberta ku Canada, si othira ngati madzi. Akazizira amalimba ngati chiponde, ndi akuda bii, ndipo lita imodzi imalemera pang'ono kuposa lita ya madzi. Kunena mwatchutchutchu ndi phula, m'bale wa lija amathira mumsewu. Eni mapaipi ku Canada salola mafuta olemera kuposa makilogalamu 940 pa kiyubiki mita, kapena onanda kuposa ma centistoke 350, kulowa m'mapaipi awo. Motero wokumba amayamba wagula mafuta ena opepuka kwambiri oti asungunulire phulalo, pafupifupi migolo 3 pa migolo 10 iliyonse yoyenda m'paipimo. Amalipira pogula chosungunuliracho, n'kulipiranso malo amene chikudya m'paipi. Ku Venezuela, m'dera la mtsinje wa Orinoco, vuto ndi lomweli, moti chosungunulira chikasowa nazonso zitsime zimachepetsa ntchito.

Anthu a mafuta amayeza kulemera kumeneku ndi sikelo ya API. Madzi ali pa 10, mafuta otchedwa olemera ali pansi pa 22.3, ndipo phula la ku Athabasca lili cha pa 8. Pafupifupi theka la phulali siliwira ngakhale mutalitenthetsa kufika madigiri 525, chikhalirecho dizilo amatha kuwira yense pofika cha pa 360. Ofufuza akhala akufunsa kwa zaka zambiri ngati magetsi, kudzera m'plazima (gasi wodutsa magetsi, ngati wa m'mphezi), angaphwanye theka louma mutu limeneli popanda ng'anjo zikuluzikulu ndi puresha yoopsa ya m'mafakitale oyenga mafuta. Yankho lachidule ndi lakuti kuphwanya kokha plazima imaphwanya mosavuta. Zimene zimaigonjetsa ndi ziwiri: koti haidrojeni achokere, ndi kuchuluka kwa magetsi pa mgolo uliwonse.

Chimene chimalemeretsa mafuta

Petulo, palafini, dizilo ndi phula zonse n'zopangidwa makamaka ndi maatomu a mitundu iwiri, kaboni ndi haidrojeni. Atomu ya kaboni ili ndi manja anayi, ya haidrojeni ili ndi limodzi. Makaboni amagwirana n'kupanga unyolo, ndipo manja otsala amagwira mahaidrojeni. Mu petulo unyolowo uli ndi makaboni 5 mpaka 12, mu dizilo 10 mpaka cha pa 22. Mu phula muli mamolekyu a makaboni 40, 60 kapena kuposa, ndipo ambiri si unyolo wowongoka ayi, ndi mphete zomatana ngati zisa za njuchi. Gulu lolemera kwambiri la mphete zotere limatchedwa asphaltene, ndipo ndi m'menemo mmene mumabisala zitsulo za vanadium ndi nickel. Sulufule naye ndi wochuluka, pafupifupi 5 peresenti ya kulemera kwa phula la ku Athabasca.

Nambala yofunika kuigwira bwino ndi iyi: pa kaboni mmodzi aliyense pali mahaidrojeni angati. Mu phula ndi pafupifupi 1.5. M'mafuta opepuka abwino ndi 1.8 kapena kuposa. Mu gasi wa methane ndi 4. Mukadula unyolo pakati, mapeto awiri atsopanowo amatsala ndi dzanja lopanda chogwira, ndipo lililonse likufuna haidrojeni. Ndiye kupeputsa mafuta si kudula kokha. Kuti tani imodzi ya phula ichoke pa 1.5 kufika pa 1.8 pamafunika makilogalamu pafupifupi 22 a haidrojeni, osawerengera wina wochotsera sulufule. Ngati haidrojeniyo palibe, njira yotsala ndi kutaya kaboni: pa makaboni 6 aliwonse mmodzi achoke, ndipo pa ntchito yeniyeni amachoka ochuluka kuposa pamenepa chifukwa gasi wotuluka amathawitsa haidrojeni wambiri.

Mafakitale a masiku ano amatsata njira ziwiri zomwezi. Yotaya kaboni ndi coking: zotsalira zimatenthedwa kufika cha pa madigiri 500, n'kulowetsedwa m'migolo ikuluikulu mmene gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu limasanduka khala lolimba lotchedwa coke. Yowonjezera haidrojeni ndi hydrocracking: madigiri 400 mpaka 450, puresha ya ma bar 100 mpaka 200 (bar imodzi ndi pafupifupi puresha ya mpweya wotizingawu), ndi katalisiti, chinthu chofulumizitsa kusintha kwa mamolekyu, amene vanadium ndi nickel zimamupha pang'onopang'ono. Puresha yotere imafuna mathanki a chitsulo chokhuthala kwambiri, ndipo haidrojeni wake amapangidwa ku gasi wachilengedwe, kilogalamu iliyonse ikutulutsa makilogalamu 9 kapena 10 a carbon dioxide. Njira zonse ziwiri zimagwira ntchito, koma zimapindula pokhapokha fakitaleyo ikhale yaikulu kwambiri.

Plazima yotentha ndi yozizira

Plazima ndi gasi amene ena mwa maatomu ake alandidwa maelekitironi, moti tsopano amadutsa magetsi. Dzinali analipereka ndi Irving Langmuir mu 1928. Mphezi ndi plazima, lawi la makina owotcherera ndi plazima, sipaki ya pulagi ya galimoto ndi kuwala kwa m'kati mwa nyale ya chubu nazonso ndi plazima. Koma onani kusiyana kwa lawi lowotcherera ndi nyale ya chubu: lina limasungunula chitsulo, inayo mutha kuigwira ndi dzanja. M'lawi lowotcherera zonse n'zotentha mofanana, madigiri masauzande ambiri. M'chubu maelekitironi okha ndi amene ali ndi liwiro loopsa, pamene gasi weniweniyo ndi wofunda chabe.

Mphamvu ya elekitironi imayezedwa m'ma eV, ndipo eV imodzi ikufanana ndi kutentha kwa madigiri pafupifupi 11,600. M'plazima yozizira maelekitironi amakhala ndi ma eV 1 mpaka 10. Chilumikizo cha kaboni ndi kaboni chimaduka ndi ma eV pafupifupi 3.6, cha kaboni ndi haidrojeni 4.3, cha kaboni ndi sulufule chosakwana 3. Chiyembekezo chonse cha njirayi chagona pamenepa: maelekitironi adule zilumikizo, mafutawo asatenthedwe kufika pamene amapsa n'kukhala coke.

Umboni woti magetsi amaphwanyadi mafuta uli m'thiransifoma iliyonse yaikulu. Amisiri amatapa oilo wa m'thiransifoma n'kuyeza magasi osungunuka m'menemo. Akapeza haidrojeni wambiri ndi methane pang'ono amadziwa kuti muli kuthetheka kofooka. Akapeza ethylene ndiye kuti penapake patentha kwambiri. Akapeza acetylene, gasi uja wowotcherera zitsulo, muli lawi lenileni la magetsi. Michel Duval wa ku kampani ya magetsi ya Hydro-Québec ku Canada anakonza chithunzi cha makona atatu chowerengera zimenezi. Phunziro lake kwa ofuna kuyenga mafuta ndi lalikulu: mtundu wa moto ndi umene umasankha chotuluka, ndipo moto ukakula chotuluka ndi timagasi tating'ono ndi mwaye, osati dizilo.

Njira ya lawi, imene inafika pa fakitale

Mu 1862 Marcellin Berthelot anayatsa lawi la magetsi pakati pa ndodo ziwiri za kaboni mu gasi wa haidrojeni, n'kupeza acetylene. Mu 1940 fakitale ya Hüls ku Marl m'dziko la Germany inayamba kupanga acetylene wogulitsa mwa njira ya lawi. Ng'anjo imodzi inkadya pafupifupi ma megawati 8, pa ma volt cha pa 7,000, lawi lake lotalika pafupifupi mita. Gasi amalowa mozungulira ngati kamvuluvulu kuti lawilo likhale pakati, amakhala m'motomo kwa ma millisecond owerengeka, kenaka amaziziritsidwa mwadzidzidzi ndi madzi opopera. Kuziziritsa kumeneku ndiye mtima wa ntchitoyo. Kupitirira madigiri 1,200 acetylene ndi wokhazikika kuposa mafuta ena onse, koma kaboni ndi haidrojeni paokha n'zokhazikika kuposa iye. Mukachedwa pang'ono pokha mumakolola mwaye.

Pambuyo pake mainjiniya a ku Germany anasintha kachitidwe: lawi litenthetse haidrojeni kaye, mafuta amadzimadzi apoperedwe m'mphepo yotenthayo kutsogolo kwa lawi, kuti asakhudze ma elekitirodi, nsonga ziwiri zimene lawi limayaka pakati pake. Ku China, kampani ya Xinjiang Tianye, imene imapanga pulasitiki wa PVC, inayesa njira yofanana ndi iyi pa malasha opera, pa makina ofika ma megawati 5.

Chimene ambiri sachiona ndi chakuti njira ya lawi ilibe vuto la haidrojeni. Mu acetylene muli haidrojeni mmodzi pa kaboni mmodzi, kuchepera 1.5 wa mu phula, ndiye haidrojeni amachita kutsala. Koma chotuluka ndi chopangira mankhwala ndi mapulasitiki, si mafuta a galimoto, ndipo magetsi ake ndi pafupifupi 10 kWh kapena kuposa pa kilogalamu ya acetylene. Palibe angawononge magetsi otere kuti apange chinthu chongokawotcha m'injini. Zimene zimavuta pa makina otere n'zodziwika: ma elekitirodi amadyeka ndipo amasinthidwa pakapita maola mazana angapo, coke amamera pakhoma mpaka kutseka khomo lotulukira, ndipo dontho la mafuta likakula kwambiri kunja kumapsa m'kati musanaphwe.

Mmene makina a plazima yozizira amakhalira

Amene akufuna mafuta amadzimadzi amatembenukira ku plazima yozizira kapena yofunda. Kafukufuku wotere wachitika m'malo ngati Idaho National Laboratory ndi Texas A&M University ku America, ndi m'masukulu angapo a ku China ndi Russia. Choyamba kukumana nacho n'chakuti mafuta salola magetsi kudutsa. Mpweya umabooleka ndi ma volt 3,000 pa milimita, oilo woyera amafuna kuwirikiza kangapo. Choncho plazima siyatsidwa m'mafuta enieniwo, imayatsidwa mu gasi wokhudzana nawo. Pali njira zitatu zowakumanitsira: kuuzira tithovu ta gasi m'mafuta n'kuthethetsa moto m'tithovuto, kupopera mafuta ngati nkhungu kudutsa m'plazima, kapena kuwayendetsa mopyapyala pakhoma pansi pa plazimayo.

Titenge ya tithovu, popeza ndi yofala m'malabotale. Mafuta amafunditsidwa kaye kuti athe kuyenda, chifukwa phula limene ndi lolimba ngati chiponde likafika madigiri 100 limayenda ngati oilo wa injini. Madzi amachotsedwa, apo ayi amawira mwadzidzidzi n'kufufumitsa zonse. Mpweya wonse wa m'makina umathamangitsidwa ndi nayitrojeni kapena argon. Pansi pa chiwiya pamakhala kachubu kachitsulo kowonda kamene kali elekitirodi yoyamba, ndipo gasi, kawirikawiri methane, haidrojeni kapena zosakaniza, amalowera m'kachubuko. Mamilimita angapo pamwamba pake pali elekitirodi yachiwiri. Kapasita, kachipangizo kosunga magetsi kwa kanthawi, imadzazidwa ma volt masauzande 10 mpaka 30, n'kutaya mphamvu yakeyo kamodzi m'kathovu kamene kakudutsa. Nthunzi yotuluka imapita m'chozizira kuti zamadzimadzi zigwidwe, gasi wotsala amayezedwa.

Mphamvu ya sipaki iliyonse ndi theka la kukula kwa kapasita kuchulukitsa ndi voteji kawiri. Kapasita ya ma picofarad 100 pa ma volt 20,000 imapereka ma millijoule 20. Ikamathetheka ka 1,000 pa sekondi ndi ma watt 20. Pa magalamu 100 a mafuta kwa ola limodzi ndi 0.2 kWh pa kilogalamu. Nambala yomalizayi ndi imene imaweruza zonse, ndipo lipoti limene silikuitchula musalikhulupirire. Kukula kwa sipaki nako kuli ndi ntchito: mphamvu yomweyo mukaigawa m'masipaki ang'onoang'ono ambiri a ma nanosecond owerengeka, gasi sapeza nthawi yotentha kwambiri ndipo mwaye umachepa. Mukaipereka m'masipaki akuluakulu ochepa mwabwerera ku lawi, ku acetylene ndi mwaye.

Mtundu wina ndi dielectric barrier discharge, umene Werner von Siemens anauyamba mu 1857 popanga ozone. Pakati pa ma elekitirodi pamaikidwa galasi la quartz kapena alumina, mpata wa gasi wa milimita 1 mpaka 3, ndipo galasilo limaletsa lawi kukula, moti plazima imakhala timizere tambirimbiri towonda ngati tsitsi. Ndi yozizira zedi, koma ndi yofooka pa kuphwanya. Pakati pa iyi ndi lawi pali gliding arc, lawi laling'ono limene mphepo ya gasi imalikankha pakati pa ma elekitirodi otambalala ngati nyanga mpaka litaduka n'kuyambanso pansi.

Zimene zimalakwika, ndi chifukwa chake

Choyamba chimadabwitsa aliyense woyamba ntchitoyi: mafuta amatha kutuluka olimba kuposa mmene analowera. Elekitironi ikadula chilumikizo pamatsala zidutswa za dzanja lopanda chogwira, zimene akatswiri amazitcha ma radical. Chidutswa chotere sichisankha. Chikapeza haidrojeni chimakhala molekyu yaing'ono yokhazikika, chikapeza chidutswa chinzake chachikulu zimagwirana n'kukhala molekyu yoposa yoyamba ija. Komanso m'molekyu zilumikizo za kaboni ndi haidrojeni n'zochuluka ndipo zili kunja, ndiye kawirikawiri chimene chimathothoka ndi haidrojeni, unyolo n'kutsala wathunthu. Mahaidrojeni awiri othothoka amagwirana n'kuthawa ngati gasi, maunyolo awiri otsala amamangana. Mafuta ataya haidrojeni m'malo molandira. Izi si zongoganizira: kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 Alexandre de Hemptinne wa ku Ghent m'dziko la Belgium anagwiritsa ntchito plazima yozizira kulimbitsira oilo dala, ndipo oilo wopangidwa motero ankagulitsidwa ndi mayina a Elektrion ndi Voltol. Makina omwe ena lero akuyembekeza kuti apeputse mafuta, agogo awo ankawagwiritsa ntchito yosiyana kotheratu.

Chachiwiri ndi methane. Pa pepala zimaoneka bwino: methane ali ndi mahaidrojeni 4 pa kaboni, ndi wotchipa, ndipo m'minda yambiri ya mafuta amangowotchedwa. Plazima imamuswa kukhala CH3 ndi H, zidutswazi n'kukatseka manja a maunyolo oduka. Koma methane ndi wouma. Chilumikizo chake choyamba n'cha ma eV 4.5, ndipo kuti elekitironi imuswe mwachindunji imafuna cha pa 9 kapena 10. Maelekitironi ofooka kuposa apa amangomugwedeza, mphamvuyo n'kuthera m'kutentha. Zidutswa zimene zapangikazo zimakhala ndi moyo kwa kanthawi kochepa kwambiri, ndipo zili pakati pa gasi, pamene chapafupi kukumana nacho ndi chinzake. CH3 awiri amapanga ethane, kenaka ethylene ndi acetylene. Zochepa zimene zafika pa mafuta zimathera pakhungu pomwepo, sizilowa ngakhale gawo laling'ono la milimita. Ndiye amene akuyeza gasi wotuluka n'kupeza haidrojeni wambiri asafulumire kukondwa: haidrojeniyo amafunika akhale m'mafuta, osati m'paipi ya gasi. N'chifukwa chake kukula kwa malo okhudzana, tithovu ting'onoting'ono, nkhungu yosalala, kutakasa kosalekeza, n'kofunika kuposa kukweza voteji.

Chachitatu ndi mwaye. Mwaye umadutsa magetsi. Ukachuluka m'mafuta, magetsi amayamba kuwukha kudzera m'madzimadziwo kapasita isanadzaze, sipaki imafooka kapena kusiyiratu, ndipo makinawo asanduka chofunditsira chabe. Nthawi zina kaulusi ka kaboni kamamera pa nsonga ya elekitirodi mpaka kulumikiza mpata wonse. Pa dielectric barrier discharge kaboni akamatira pagalasi amakokera timizere tonse pamalo amodzi, pamenepo n'kutentha mpaka galasi kusweka. Mankhwala ake ndi sefa pa mzere wozungulira mafuta, haidrojeni wochulukirapo m'gasi, ndi masipaki afupiafupi. Phula limavuta kuposa mafuta oyera chifukwa likafunda limadutsa magetsi pang'ono ngakhale mwaye usanabwere, kaamba ka mchere, madzi ndi zitsulo zili m'menemo.

Chachinayi chimaoneka patapita masiku. Unyolo ukaduka popanda haidrojeni wokwanira, manja otsala amagwirana okhaokha n'kupanga ma olefin. Awa sakhazikika, amamatana n'kukhala utomoni umene umatseka zipangizo za fakitale, ndipo mapaipi a ku Canada salola olefin woposa 1 peresenti. Nawo ma asphaltene amakhala osungunuka chifukwa cha timaunyolo ta m'mbali mwawo ndi mamolekyu ena owazinga. Mukadula timaunyoloto n'kuwonjezera mafuta opepuka, amaundana n'kudikha pansi pa thanki. Vanadium ndi nickel sizipita kulikonse, plazima siingazisandutse china. Sulufule wa m'maunyolo amatuluka mosavuta ngati hydrogen sulphide, koma wa m'mphete amakanirira.

Masamu a magetsi

Mgolo umodzi ndi malita 159, ndipo wa phula umalemera pafupifupi makilogalamu 160. Tiyerekeze kuti molekyu yapakatikati imalemera magalamu 600 pa mole (mole ndi chiwerengero chokhazikika cha mamolekyu chimene akatswiri amawerengera), ndipo tikufuna kudula iliyonse kamodzi kokha. M'kilogalamu muli ma mole 1.67. Kutentha kumene kudulako kumameza kwenikweni, pamene unyolo wagawika pawiri, ndi ma kilojoule 80 kapena 90 pa mole, kutanthauza 0.04 kWh pa kilogalamu. N'zochepa ndithu. Koma plazima siigwira ntchito mosamala chotero. Mu dielectric barrier discharge kuswa molekyu imodzi ya methane kumadya ma eV makumi angapo. Titenge 20 kuti tiikomere mtima. Ndi ma kilojoule 1,930 pa mole, 0.9 kWh pa kilogalamu, ndipo mukawonjezera zotayika m'makina okwezera voteji mwafika pa 1 kWh. Pa mgolo ndi 160 kWh. Magetsi a masenti 5 a ku America pa kWh ndiye madola 8 pa mgolo, mutadula kamodzi kokha, pamene theka lolemera lija likufuna kudulidwa kangapo. Fakitale ya migolo 100,000 pa tsiku ingafune ma megawati pafupifupi 670, kuposa magetsi onse a Nkula, Tedzani ndi Kapichira mutawaphatikiza.

Masamu amenewa akusonyeza kuti plazima singakhale nkhuni, iyenera kukhala machesi. M'kuphwanya mafuta ndi moto wamba, sitepe yovuta ndi yoyamba, kupanga chidutswa choyamba, ndipo ndi imene imakakamiza ng'anjo kufika madigiri 450 kapena 500. Chidutswa chikapezeka chimalanda haidrojeni kwa molekyu yoyandikana nayo, iyo n'kuduka yokha n'kubala chidutswa china, ntchito n'kumapitirira. Francis Rice ndi Karl Herzfeld anafotokoza unyolo wa zochitika umenewu mu 1934. Kuduka kwachiwiriku kumafuna mphamvu pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a koyamba, komabe kumafuna kutentha. M'mafuta ozizira chidutswa sichitha kudziduka, chimangodikira chinzake n'kumangana nacho, ndipo apo ndi pamene panachokera oilo wa Voltol. M'mafuta a madigiri 300 mpaka 400 chimaduka. Ngati chidutswa chimodzi chopangidwa ndi plazima chingayambitse kuduka 20, magetsi amatsika kuchoka pa 160 kWh kufika pa 8 kWh pa mgolo, ndipo kutentha kotsalako kumachokera ku ng'anjo wamba, kumene n'kotchipa kuposa magetsi.

Pa chifukwa ichi, zolengeza zoti plazima ipeputsa phula lozizira, popanda ng'anjo iliyonse, zikulonjeza mbali yofooka kwambiri ya njirayi. Njira yoyenera kuikapo ndalama ndi yophatikiza: mafuta ofunda, plazima yochepa, ndi gwero lenileni la haidrojeni. M'malabotale ena amathiramo mafuta ena otchedwa tetralin, amene amapereka mahaidrojeni anayi n'kusanduka naphthalene, koma pa fakitale naphthaleneyo amafunika kumubwezeranso haidrojeni. Ena amaika katalisiti pafupi ndi plazima kuti agwire maatomu a haidrojeni asanagwirane okhaokha. Ngakhale apo phula lili ndi chopinga chake: mphete zake zambiri zimameza zidutswa n'kupanga zina zaulesi zimene siziyambitsa kanthu, ndiye unyolo wa zochitika umafupika kuposa mmene umakhalira m'mafuta oyera.

Kuwerenga zotsatira ndi maso awiri

Zoyesa zambiri zimachitidwa pa hexadecane, unyolo woyera wa makaboni 16 wopanda mphete, sulufule kapena chitsulo. Ndi wabwino pophunzirira, koma si phula. Pa phula lenileni, funso loyamba ndi lakuti kodi anayesanso chimodzimodzi, kutentha komweko, gasi yemweyo, nthawi yomweyo, plazima itazimitsidwa? Kufunditsa ndi kuuzira gasi kokha kumasintha mafuta. Lachiwiri: kodi zolowa ndi zotuluka zikufanana kulemera? Ngati magalamu 10 pa 100 sakuoneka, mwina ndi coke womatira pakhoma, ndipo mafuta akuoneka opepuka chifukwa cholemeracho chatsalira m'makina. Lachitatu: kunanda kunayezedwa liti, pa kutentha kotani? Madigiri ochepa okha amasintha nambala kwambiri, ndipo gasi wosungunuka amafewetsa mafuta kwa kanthawi, ndiye kuyeza kubwerezedwe pakatha sabata ndi mwezi. Umboni wolimba wa kuphwanya ndi kusintha kwa mawiridwe, kuyezedwa mwa njira ngati ASTM D7169, kusonyeza kuti gawo losawira pansi pa madigiri 525 lachepa. Umboni woti methane walowadi m'mafuta ndi kugwiritsa ntchito methane wa maatomu olemererapo osavuta kuwazindikira, kaboni 13 kapena deuterium, n'kukamupeza m'zamadzimadzi. Ndipo magetsi awerengedwe pa soketi, osati pa sipaki pokha.

Za chitetezo sizofunika kuzichepetsa. Methane amayaka akakhala pakati pa 5 ndi 15 peresenti mumpweya, haidrojeni pakati pa 4 ndi 75, ndipo makinawa ali ndi choyatsira chake m'kati, choncho kabowo kakang'ono kolowetsa mpweya n'kokwanira kuphulitsa. Acetylene amaphulika yekha popanda mpweya akapanikizidwa, monga owotcherera ndi gasi amadziwira, ndipo akakhudzana ndi kopa amapanga mankhwala ophulika, ndiye pa mzere wa gasi wotuluka pasakhale paipi ya kopa. Hydrogen sulphide amanunkha ngati dzira lovunda akakhala wochepa, koma cha pa 100 ppm (magawo 100 pa miliyoni a mpweya) amapha mphuno, munthu n'kuganiza kuti watha. Kapasita imasunga magetsi makina atazimitsidwa, iyenera kulumikizidwa ku nthaka musanagwire chilichonse.

Kumene ingayambire kugwira ntchito

Mpaka pano palibe fakitale yaikulu imene imapanga petulo kapena dizilo ku mafuta olemera ndi plazima. Kumene plazima yapeza msika ndi kumene chotuluka chili chaching'ono ndiponso chodula: acetylene ku Marl, ndi carbon black, ufa wakuda wa kaboni wopangira matayala, pamodzi ndi haidrojeni kuchokera ku gasi wachilengedwe pa fakitale ya Monolith ku Hallam, Nebraska. Kupikisana ndi hydrocracking pa kuyenga kwathunthu n'kovuta, chifukwa thanki ya hydrocracking ikakula mtengo pa mgolo umatsika, pamene plazima imakuzidwa pochulukitsa mipata ya sipaki, uliwonse ndi elekitirodi yake yodyeka ndi waya wake. Mpata wa ma watt 20 uja, kuti ufike megawati imodzi, pafunika 50,000.

Malo oyenera ndi pafupi ndi chitsime, pa ntchito yochepa: osati kupanga dizilo, koma kufewetsa phula kungofika poti liyende m'paipi ndi chosungunulira chochepa. Apo ubwino wa plazima umawerengeka. Imagwira ntchito pa puresha wamba, imayaka ndi kuzima m'masekondi moti ingatsate magetsi a dzuwa ndi mphepo, ndipo gasi amene akanawotchedwa pachabe angagwire ntchito. Kunanda kumatsika msanga ngakhale ndi kudula kochepa, chifukwa kumadalira kwambiri mamolekyu akuluakulu ochepa. Kulemera ndiye kumatsika mwaulesi: kuchoka pa makilogalamu 1,010 kufika pa 940 pa kiyubiki mita kumafuna haidrojeni weniweni alowe, kapena asphaltene achotsedwe kaye ndi mafuta osungunulira, plazima n'kugwira chotsalacho. Makina oyeserera amene angaphwanye phula lenileni kwa maola masauzande angapo osatsekeka, olefin ali pansi pa 1 peresenti, asphaltene osadikha pakatha mwezi, ndi magetsi osapitirira ma kWh makumi ochepa pa mgolo, adzakhala atachotsa gawo looneka la migolo 3 ija ya chosungunulira pa 10 iliyonse.